Moyo Ukasanduka Masewera, Asunga Zigoli Ndani?

Pakati pa ziphunzitso zambiri zimene zatifika m'masiku ano kudzera m'mafoni a m'manja, pali china chimene chalowa mwakachetechete, chopanda mlaliki ngakhale belu, koma chakopa anthu ochuluka kuposa mipingo ina yokhala ndi makoma ndi madenga. Ndicho chiphunzitso chakuti ulesi wa munthu, umene udalemetsa makolo, aphunzitsi ndi abusa kuyambira kalekale, ungathe kuchizika ngati moyo wake wa tsiku ndi tsiku usandutsidwa masewera. Eni chiphunzitsochi amati: munthu safuna kuyenda, safuna kuwerenga, safuna kusunga ndalama, komatu munthu yemweyo angathe kukhala pa bawo kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka litapendeka osamva njala, nanga bwanji osatenga zimene zimamanga munthu pa bawo, ndizo kuwerenga zimene wapata, kulimbana ndi mnzake, ndi kuona msanga ngati wadya kapena wadyedwa, n'kuziika pa ntchito zimene amazizemba? Chotero lero kuli mapulogalamu a pafoni opatsa munthu mapointi akamwa madzi, baji akadzuka m'mamawa, ndi mendulo yojambula akayenda mtunda wakutiwakuti.

Yotchuka koposa mwa iwo ndi Duolingo, yophunzitsa zilankhulo, imene Luis von Ahn, mbadwa ya ku Guatemala, adayambitsa pamodzi ndi wophunzira wake Severin Hacker pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku Pittsburgh, ndipo idatsegulidwa kwa anthu onse mu 2012. Machitidwe ake ndi awa: munthu akaphunzira lero, pafoni pake pamayaka kamoto kojambula kokhala ndi nambala 1, akaphunziranso mawa nambala ikwera, ndipo idzakwerabe chotero malinga asadumphitse tsiku, pakuti tsiku limodzi lokha likapita osaphunzira, unyolo wonse wa masiku uduka ndipo mwini wake abwerera pansi, pokhapokha ngati adaguliratu chitetezo cha tsikulo ndi timiyala tojambula timene amapata pophunzira kapena kugula ndi ndalama zenizeni. Sabata iliyonse amamuika m'gulu la anthu 30 osawadziwa, ndipo opata mapointi ambiri amakwera ligi, otsalira n'kutsika. Kapitawo wa zonsezi ndi kadzidzi wobiriwira, amene amatumiza uthenga madzulo kukumbutsa wochedwa kuti tsiku likutha. (Kwa Azungu mbalame imeneyi ndi chizindikiro cha nzeru, akadafunsako agogo athu, amene kadzidzi akalira padenga usiku adali kugona khutu lili kunja, kapena akadasankha njiwa.)

Ndisanaloze chala, ndiyenera kuvomereza kuti anthu amenewa adaona chinthu choona. Kuwawa kwa ntchito zonse zabwino n'kwakuti thukuta lake ndi la lero pamene phindu lake lili kutali: wobzala mu Disembala adzakolola mu Epulo kapena Meyi, wolowa Fomu 1 adzagwira satifiketi yake patapita zaka zinayi, ndipo wosiya fodya ndi mowa sadzawaona konse matenda amene wawalewa. Mtima wa munthu sukhoza kudikira chotero wopanda kanthu kogwirika madzulo alionse, n'chifukwa chake zengerezu adalinda kwawukwawu. Makolo athu adazidziwa izi popanda buku. Pa dima, mwini munda adali kufulula mowa kapena thobwa, kuitana anansi, ndipo anyamata adali kuima aliyense pa mzere wake, nyimbo ikutsogolera makasu, kupikisana kuti aone wofika kumapeto ndani. Munda umene ukadadya masiku ambiri udali kutha dzuwa lisanalowe. Tsiku lotsekera sukulu aphunzitsi akamaitana mayina kuyambira nambala wani, mabaji a ma Scout amene Robert Baden-Powell adayambitsa ku England mu 1907, ngakhale ulemu wa Achikumbe umene boma la Dr Banda lidali kupereka kwa alimi akhama, zonsezi n'za mtundu umodzi.

Koma chitsanzo chimene ndimachilemekeza koposa ndi banki m'khonde, njira yosungira ndalama imene bungwe la CARE lidayamba ndi amayi a ku Niger mu 1991, ndipo lero yafalikira m'midzi ndi m'matauni a dziko lino. Amene adakhalapo pa msonkhano wa gulu losunga malamulo ake adziwa m'mene zikhalira. Amayi akhala pamphasa mozungulira, bokosi lachitsulo la maloko atatu lili pakati, makiyi ake ali ndi anthu atatu osiyana kotero kuti palibe angalitsegule yekha. Mlembi aitana dzina, mwini dzina abwera ndi ndalama zake atazimasula pansonga ya chitenje, owerengera aziwerenga mokweza kuti onse amve, ndipo pa sheya iliyonse imene wagula, kuyambira imodzi kulekeza zisanu, chidindo chimenyedwa m'kabuku kake. Wochedwa alipira chindapusa, wolongolola ena akuwerengera alipiranso. Mayi amene kwa zaka zambiri sadathe kusunga kanthu m'nyumba, popeza mchere, sopo ndi alendo zidali kumulanda tsiku ndi tsiku, apezeka akulimbikira pa geni yake ya mandasi mpaka mdima, kuti tsamba la kabuku kake lisakhale ndi mpata wopanda chidindo pamaso pa anzake. Zonse zimene akatswiri a mafoni amanyadira zilimo m'menemu, malamulo, zigoli, mboni ndi chilango, ndipo pang'onopang'ono ndi mtolo ndithu.

Tsono ngati njirayi ili yabwino chotere, cholakwika chili pati? Choyamba chidaoneka bwino mu 1973, pamene akatswiri atatu, Mark Lepper, David Greene ndi Richard Nisbett, adafalitsa zotsatira za kafukufuku amene adachita pa sukulu ya mkaka ya pa yunivesite ya Stanford ku California. Adasankha ana a zaka zitatu mpaka zisanu amene adali kukonda kale kujambula zithunzi mwa kufuna kwawo, nawagawa patatu. Gulu loyamba adaliuziratu kuti akajambula adzalandira chikalata chaulemu chokhala ndi nyenyezi yagolide ndi riboni yofiira; lachiwiri lidalandira chikalata chomwecho modzidzimutsidwa litatha kujambula; lachitatu silidalonjezedwe kanthu ndipo silidalandire kanthu. Patapita sabata imodzi kapena ziwiri adaikanso zolembera ndi mapepala m'kalasi, osanenapo za mphotho, naima pobisika kupenyerera. Ana a magulu awiri otsirizawo adajambula monga kale; koma aja adalonjezedwa mphotho adathera pa zojambula pafupifupi theka chabe la nthawi imene anzawo adathera, ndipo ngakhale zithunzi zimene adajambula pofuna chikalata chija zidaweruzidwa kuti zidali zosakongola poyerekeza ndi za anzawo. Chimene chidali chikondwerero chidasanduka ganyu, ndipo waganyu salima pamene palibe malipiro.

Phunziro la ana amenewa liyenera kumveka bwino, pakuti silinena kuti mphotho iliyonse ndi yoipa. Mphotho ithandiza pa ntchito yowawa imene palibe angaikonde, monga kuloweza matebulo a masamu kapena kumwa mankhwala pa ola lake. Koma ikaikidwa pa chinthu chimene mtima udachikonda kale, imalanda malo a chikondicho. Kholo limene lilonjeza mwana ndalama pa buku lililonse limene awerenga, pamene mwanayo adali kuwerenga yekha mobisa ndi tochi m'bulangete, lidziwe kuti likumuphunzitsa kuti kuwerenga ndi ntchito yofuna malipiro. Ngakhale pa nkhani ya thupi, kuwerengera sikupindula nthawi zonse. Mu 2016 akatswiri a yunivesite ya Pittsburgh adafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 471 ofuna kuchepetsa thupi, amene adawatsata zaka ziwiri: ovala kachipangizo kowerenga mayendedwe awo adatsika makilogalamu 3.5, pamene osavala adatsika makilogalamu 5.9.

Cholakwika chachiwiri n'chakuti nambala, ikangoikidwa kukhala mlonda wa chinthu, sichedwa kudzilonga ufumu. Anthu ambiri lero akhulupirira kuti munthu ayenera kuponda mapazi 10,000 pa tsiku, ndipo ena amazungulira pabalaza usiku kuti akwanitse. Komatu nambala imeneyi sidachokere kwa madokotala. Idachokera kwa kampani ya ku Japan yotchedwa Yamasa, imene mu 1965, dziko lawo likadali ndi chimwemwe cha masewera a Olympic a ku Tokyo a 1964, idatulutsa kachipangizo kowerenga mapazi nikatcha Manpo-kei, dzina lotchula mapazi 10,000 omwewo, popeza lidali lokoma pa malonda. Pamene I-Min Lee wa ku Harvard ndi anzake adafalitsa mu 2019 zotsatira za kafukufuku wawo pakati pa amayi achikulire opitirira 16,000, adaonetsa kuti oyenda mapazi 4,400 pa tsiku adali kale ndi mwayi wa moyo wautali kuposa oyenda 2,700, ndi kuti phindulo lidaleka kukwera pofika cha m'ma 7,500. Ndipo tisaiwale mayi wa kumudzi amene amapita kudambo, kunkhuni ndi kumjigo ndi ndowa ya malita 20 pamutu. Ameneyo sasowa kachipangizo, asowa mjigo wapafupi.

Atsamunda a ku France adaphunzira za ufumu wa nambala mwa njira yochititsa manyazi mu mzinda wa Hanoi ku Vietnam mu 1902. Makoswe adaswana m'ngalande za pansi pa nthaka zimene iwo omwe adamanga, ndipo poopa mliri adalengeza kuti aliyense wobweretsa mchira wa khoswe adzalandira kandalama. Michira idabwera miyandamiyanda, akuluakulu nakondwa poona mabuku awo akudzaza. Koma posakhalitsa m'misewu mudayamba kuoneka makoswe opanda michira, popeza anthu adali kudula mchira n'kumasula mwini wake kuti akaswane, ndipo kunja kwa mzinda kudapezeka ena akuweta makoswe. Wina asaseke anthu a ku Hanoi, pakuti ifenso timaweta makoswe athu. Taonani mnyamata wa pa koleji amene unyolo wake wa Chifalansa wapitirira chaka: nthawi ikuthamangira pakati pa usiku, magetsi adazima madzulo, batire ya foni yafiira, ndipo iye, m'malo mwa phunziro latsopano limene likadamutengera nthawi ndi kumulakwitsa, athamangira phunziro loyambirira la moni limene adalidziwa kalekale, aligwetsa m'kamphindi, aona kamoto kayaka, nagona mtima uli m'malo. Unyolo wapulumuka, koma mawa mlendo wa ku Lubumbashi akamufunsa njira ya kumsika, pakamwa padzauma.

Apa mpamene pali funso limene ndiliyesa lalikulu kuposa onse, lakuti zigoli akusunga ndani, ndipo iye apindulanji pozisunga. B. F. Skinner, katswiri wa khalidwe wa ku Harvard, adaonetsa ndi nkhunda zotsekeredwa m'mabokosi kuti mbalame imene ilandira chakudya pa nthawi yosadziwika, mwina itajompha kawiri, mwina kambirimbiri, ndiyo ijompha kosalekeza, ngakhale chakudya chitaleka kubwera. Ndipo iye mwini adanena kuti makina a juga amagwira anthu mwa njira yomweyo. Achinyamata athu amene atha ndalama za fizi ndi za lendi pa juga ya kandege ka pafoni, kudikira kuti ulendo uno kauluka patali, ali m'bokosi lomwelo. Sindikunena kuti wophunzitsa chilankhulo ndi mwini juga ali mlandu umodzi. Koma msampha wake ndi umodzi, ndipo n'chanzeru kufunsa chimene wotcherayo afuna. Duolingo idalowa pa msika wa masheya wa Nasdaq mu 2021, ndipo kuyambira pamenepo, miyezi itatu iliyonse, imauza eni masheya chiwerengero cha anthu amene amaitsegula tsiku ndi tsiku. Wophunzira amene wadziwa chilankhulo n'kutsazika amachepetsa chiwerengero chimenecho, pamene mnyamata uja wa phunziro la moni amachikweza. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Padali munthu wina amene adasewera masewerawa mwa njira imene ndiivomereza, ndiye Benjamin Franklin, wosindikiza mabuku wa ku Philadelphia wobadwa mu 1706, amene nkhope yake ili pa ndalama ya madola 100 ya ku America. Ali mnyamata adalemba makhalidwe 12 amene adafuna kukhala nawo, monga kudziletsa pa chakudya, kusalankhula zopanda pake, kusunga chuma ndi khama. Ndipo mnzake wina wa mpingo wa Quaker atamuuza mosabisa kuti anthu amamuyesa wonyada, adawonjezapo kudzichepetsa, nakhala 13. Adalemba mizere m'kabuku, masiku a sabata pamwamba, makhalidwe m'mbali, ndipo madzulo alionse adali kuika kadontho kakuda pa cholakwa chilichonse cha tsikulo, akuyang'anitsitsa khalidwe limodzi pa sabata, kotero kuti pa chaka adali kuzungulira kanayi. Adafufuta madontho mpaka mapepala adabooka, nasamutsira mizere yake pa timasamba ta mnyanga wa njovu tofufutika ndi siponji yonyowa. Zitatu ndizisirira mwa iye: malamulo adadziikira yekha, kabuku kadali m'thumba lake osati mwa wamalonda, ndipo adali kuwerenga zolakwa zake, zimene palibe munthu afuna kuzionetsa kwa anzake. Pambuyo pake adayamba kuzungulira kamodzi pa chaka, kenaka kamodzi pa zaka zingapo, mpaka adaleka, ntchito zina zitamuchulukira, ndipo atakalamba adavomera kuti kusunga zinthu m'malo mwake sadakukhoze konse, ngakhale kuyesako kudamusandutsa munthu wabwinopo. Mphanda yochirikiza nthochi imachotsedwa mkoko ukadulidwa. Banki m'khonde nayonso ili ndi tsiku lake logawana, pamene bokosi likhuthulidwa, zidindo ziwerengedwa, mayi atenga zake kukagula feteleza kapena malata, ndipo aliyense ali ndi ufulu wolowanso kapena kupuma. Masewera opanda tsiku logawana ndimawakayikira.

Ndiponso pali zinthu zimene, ngakhale zili zazikulu m'moyo wa munthu, sizilola kuwerengedwa, ndipo wowerengera amayamba kuzinyoza osadziwa. Kugona pamaliro, kudwazika apongozi m'chipatala, kumvetsera nkhalamba ikubwereza nkhani imene idanena dzulo, kukhala chete pamene mkwiyo ukuti lankhula, zimenezi zilibe mapointi, ndipo zimadula maunyolo a masiku. Munthu amene mtima wake uli pa kamoto ka pafoni adzaziona ngati zosokoneza. Mfarisi uja wa m'fanizo la pa Luka 18 adali wodziwa kusunga zigoli, pakuti adadziwa kuti amasala kudya kangati pa sabata ndi kuti amapereka limodzi la magawo khumi la zonse. Buku lake lidali loyera, koma wolungamitsidwa adali wamsonkho amene adalibe chowerenga.

Zonsezi zikadali zopepuka pamene munthu alowa masewera mwa kufuna kwake, pakuti foni angathe kuizimitsa. Kulemera kwake kumaoneka pamene zigoli zili m'manja mwa bwana. Mu 2011 nyuzipepala ya Los Angeles Times idalemba za ochapa zofunda m'mahotela a Disneyland ku Anaheim, kumene adapachika zikwangwani za magetsi zoonetsa dzina la wantchito aliyense ndi liwiro lake, wofulumira m'mtundu wobiriwira, wotsalira m'mtundu wofiira, pamaso pa anzake onse. Antchitowo adachitcha chikwapu cha magetsi, ndipo ena adayamba kudziletsa kupita kuchimbudzi poopa kutsalira. Mu 2017 New York Times idaulula m'mene kampani ya Uber idali kutumizira madalaivala uthenga, pa nthawi imene afuna kuweruka, wowauza kuti kwatsala pang'ono kuti afike pa ndalama yakutiyakuti, ndi kuwapatsa ulendo wina woyamba usanathe, pamodzi ndi mabaji oyamikira amene sagula ngakhale lita imodzi ya petulo. Pa dima wotsalira pa mzere adali kuthandizidwa ndi amene wamaliza, ndipo mowa adali kumwa onse; pa chikwangwani cha magetsi mnzako wakhama asanduka mdani wako.

Zimenezi zidzafika kuno, ngati sizidafike kale, pakuti kulikonse kumene ntchito ya munthu iyezedwa pa sikelo kapena kuwerengedwa pa kompyuta, kuyambira othyola tiyi a ku Thyolo ndi Mulanje kufikira oyankha mafoni m'maofesi a ku Blantyre ndi Lilongwe, wamalonda wina adzabwera ndi chikwangwani chake, nadzati chidzakondweretsa antchito. Ndipempha atsogoleri a mabungwe a antchito ndi akuluakulu a Unduna wa Zantchito kuti tsiku limenelo lisadzawapeze ali mtulo, koma adzakhale atakonzeratu zofunsa: ngati wantchito wokana kusewera adzasiyidwa mu mtendere osadulidwa malipiro kapena kumanidwa kukwezedwa; ngati dzina la wotsalira lidzabisidwa kwa anzake; ngati mayi woyembekezera ndi bambo wachikulire adzayezedwa ndi muyezo wa mnyamata wa zaka 20; ndiponso ngati ntchito yowonjezera imene mpikisanowo udzafinya mwa anthu idzalipidwa m'makwacha olembedwa pa pepala la malipiro. Bwana amene ayankha mafunso amenewa momveka, pamaso pa antchito ake, apachike chikwangwani chake. Amene ayamba kuzungulira ndi mawu, abwerere nacho.